Mayeso a Dorcas Pamphasa ya Nsawa

Moni kwa inu nonse owerenga olemekezeka. Landirani mbiri ya Mayi Tryness Mvula, mlimi wa nsawa ndi thonje wa kufupi ndi Mkaika.

Mwana wawo wachitatu, Dorcas, anabadwa ndi vuto lotchedwa Down syndrome, limene limachedwetsa kukula kwa thupi ndi kuphunzira. Mayi Mvula sanamubise. Ankapita naye kumsika ku Katete, ndiponso kumidzi yoyandikana kukalimbikitsa makolo a ana otere kuti asawatsekere m'nyumba.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawalemera mumtima. Mumpingo mwawo munthu sadya Mgonero asanaphunzire kalasi ndi kuyankha mafunso a katekisimu pamaso pa akulu a mpingo. Dorcas analowa m'chipinda cha mayesocho zaka zitatu zotsatizana. Akangoona amuna anayi a majekete atakhala kuseri kwa tebulo, ankaweramitsa mutu osatulutsa liwu. Anzake onse analandiridwa, iye natsala pabenchi lakumbuyo.

Chaka chachinayi Mayi Mvula anapita kwa mkulu wa mpingo, a Obadiya Zulu, nagwada.

"Abambo, mwanayu amayankhula manja ake akakhala pantchito. Bwerani mudzamufunse tikuswa nsawa."

"Amayi, mayeso a mpingo pamphasa? Kapena mwasowa aganyu?"

"Aganyu ovala tayi ndingawathe ine? Bwerani chabe mudzamve."

Akuluwo anakambirana masabata awiri. Loweruka lina anafika atatu, navula majekete, nakhala pamphasa pamodzi ndi Dorcas mozungulira lichero la nsawa. Mayi Mvula anakhala chapatali.

"Dorcas, anakulenga ndani?" anafunsa a Zulu, akuswa nsawa.

"Mulungu. Agogo, musadye, izi n'zambewu!"

Onse anaseka, a Zulu nabweza nsawa zimene zinali m'manja. Mafunso anapitirira. Ena Dorcas anawayankha m'mawu akeake, awiri anamukanika, koma sanaweramitse mutu. Pomaliza a Zulu anasasa makoko pathalauzi nati, "Amayi, mumuchapire diresi loyera. Mgonero uli Sabata la mawa lino."

Mayi Mvula anafuna kuthokoza mwamwambo, koma anangokhala pomwepo, akupuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Owerenga olemekezeka, chonde sungani mfundo imodzi iyi: mwana wobadwa ndi Down syndrome amaphunzira, ngakhale kuti amaphunzira pang'onopang'ono.