Kachidole Kogwira Makasu ka Azakhali

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, akula osakhalapo ndi khomo lawolawo. Kuyambira ali mtsikana, kukabadwa mwana kapena kukadwala munthu pachibale pathu, wotumizidwa anali iwo, chikwama pamutu. Ngakhale ine anandilera ndi iwo. Chaka chatha m'pamene anapeza kachipinda ka lendi ndi makina osokera akale, n'kuyamba utelala pakhonde la sitolo ya zitsulo.

Pamakinapo pamakhala kachidole kobiriwira, kotalika ngati supuni. Kanapingasa manja pachifuwa, dzanja lililonse lagwira kakhasu, ndipo kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi kali ndi tizithunzi ta mbalame ndi zinthu zina m'mizere. Anakatola m'zinyalala za bwana wina amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba. N'kongotengera zidole za ku Iguputo wakale, koma azakhali samva zimenezo.

Nditasiya sukulu kunyumba sikunkakhalika, ndiye ndinkangozungulira pakhondepo. Tsiku lina azakhali anati, "Iwe, m'malo momaliza nsapato, tafunsa foni yakoyo kuti mbalamezi zikuti chiyani." Amene anapeza pafoni kuti tizithunzito ndi zilembo ndine, zimenezi zidziwike. Koma woziphunzira anali iwo. Ankazijambula ndi choko pa zidutswa za nsalu: kadzidzi ndi m, mzere wa mafunde ndi n, kamwana ka chinziri ndi w. Anazindikira kuti umayambira mbali imene mbalame zayang'ana, ngati mukukumana panjira. Phazi pamakina, diso pachidole, mpaka siketi ya mayi wina anaisokera thumba chozondoka.

Zilembo zokha sizinatipatse tanthauzo. Tinafufuza mpaka tinapeza mawu amene ankalembedwa pa zidole zoterezi, azakhali n'kumalondola ndi singano chizindikiro chilichonse chimene achidziwa. Zidolezi ankaziika m'manda, kuti wakufa akaitanidwa kukalima kudziko la akufa, chidole chiyankhe m'malo mwake kuti, "Ndili pano."

Azakhali anaimitsa makina. "Kani ndakhala ndikusunga mnzanga," anatero, osaseka.

Sabata yomweyo bambo anatulukira pakhondepo. Mkazi wa achimwene anga, amene amakhala kutauni ina, anali atabereka mapasa.

"Achemwali, mukwere basi ya mawa mukawathandize. Makinawa tikusungirani."

"Nanga mayunifolomu a eni akewa asoka ndani?"

"Abwezereni nsalu zawo. Mwayamba liti kufunsa mafunso?"

"Chiyambire kucheza ndi mbalame."

Azakhali anachotsa phazi pamakina. Tonse tinkadziwa kuti akakwera basiyo, kachipinda kapita, makasitomala apita, ndipo mapasa akadzayamba kuyenda padzakhala patabadwa wina kwina. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Kenako anatenga kachidole kaja n'kukalowetsa m'thumba la malaya a bambo.

"Kapite aka, achimwene. Ntchito yake ndi yomweyo, ndipo makasu kali nawo kale."

"Mukundiseka?"

"Ayi. Ine ndipita Loweruka kukaona ana, Lamlungu ndabwerako."

Bambo anachoka osatsanzika. Mawa lake anandipatsa kachidoleko kuti ndikabweze, ati kakuwayang'anitsitsa. Mpaka lero moni wawo ndi azakhali ndi wamfupi, ndipo mapasa akuwalera ndi apongozi a achimwene anga, modandaula.

Azakhali akadali pakhonde pomwe paja. Pali kachizindikiro kamodzi pafupi ndi mapazi a chidole kamene kanafufutika, ndipo sakugwirizana nane: ine ndikuti ndi dengu, iwo akuti ndi mbale. Dzulo anaphonyanso mpendero wa diresi chifukwa cha komweko.