Bala la a Lufeyo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwamuna woipa amasintha mkazi akamutsuka zilonda. Wondiphunzitsa zimenezi anali mayi wina wolemba mabuku, amene mpaka lero nkhope yake sindinaionepo. Timabuku take tinali tating'ono, tamapepala ofiirira, ndipo tinkatipeza kwa aphunzitsi athu a Sitandade 6 ku Mtakataka, omwe ankatibwereka Lachisanu n'kutichenjeza kuti tisakagwire ndi manja a ndiwo.

Mayi ameneyu anali ndi luso lakelake. Ankatenga nthano zomwe tonse tinkazidziwa, zija zothera pa mtsikana kudyedwa kapena kulangidwa chifukwa chokana amuna, n'kuzitembenuza kuti zithere pa chikondi. Mwa iye mtsikana sankakhala chitsiru cha nkhani ayi. Ankaganiza, ankasankha, ndipo pamapeto ankapeza zake zabwino. Imene inandilowa m'magazi inali ya mlendo wa zilonda thupi lonse, amene mudzi uliwonse unkamupirikitsa ndi miyala. Mtsikana wina anamulandira, namamutsuka kumtsinje m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina khungu loolalo linasupuka, mkati mwake n'kutuluka mwana wa mfumu. Mnyamatayo anagwada, nagwira manja a mtsikanayo, n'kuyamba kuthokoza chala chimodzichimodzi. Ndikafika pamenepo ndinkatseka buku kuti mtima uyambe wakhazikika. Kutsuka konse kuja wolembayo anakumaliza m'chiganizo chimodzi, koma ine pa nthawiyo sindinazindikire.

Tchuthi cha chaka chimenecho chinagwa mpunga ukucha. Ndi pomwe a Lufeyo, amuna awo a mayi anga aang'ono aNambewe, anabwera kumudzi atawakweza panjinga ngati thumba la chinangwa. A Lufeyo anali msodzi, munthu wamtali, wa mano oyera ndi pakamwa potsekemera. Ankakhalitsa kunyanja, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti kumeneko ali ndi mkazi wina. Msomali wa boti unawabaya pa katumba, iwo n'kungomangapo kansanza ndi masamba, amvekere mwamuna sapita kuchipatala chifukwa cha msomali. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Bala litayamba kununkha, mkazi wa kunyanja uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti munthuyu ali ndi mkazi wake kumudzi, ndipo anamubweza.

ANambewe sanafunse kanthu. Anasiya mpunga wawo kudambo uli wofiira, natengera mwamunayo kuchipatala cha ku Mua. Kwathu wodwala sagonekedwa yekha. Pamafunika womudikirira, womuphikira, womuchapira ndi kumunyamula popita kuseri. Abale a a Lufeyo anatumiza mawu akuti akubwera, ndipo mpaka lero akubwerabe. Tsono amayi anatuma ine kuti ndizikatunga madzi ndi kusonkhezera moto. Ndinapita ndikudumphadumpha, kabuku kaja nditakakulunga m'chitenje. Mumtima ndinkati ndikukaona nthano yanga ndi maso.

Fungo linandichingamira pakhomo la wodi. Sindinamvepo lotere, ngakhale pamene usipa uolera pathandala mvula ikakana kukata. Anamwino anali akumasula bandeji, ndipo ine ndi chidwi changa chauchitsiru ndinasuzumira. Mwendo unali utatupa mpaka kunyezimira, pakati pake dzenje la mnofu wotuwa, mafinya achikasu akutsika pang'onopang'ono kulowera kuchidendene. Ntchentche imodzi yobiriwira inatera pabalapo, kenako inauluka n'kudzatera pamlomo panga. Ndinathamangira kuseri kwa wodi n'kusanza zonse zimene ndinadya kwathu, ndipo tsiku limenelo ngakhale madzi ankandibwerera.

Kutsuka bala kunali kwa anamwino, ndipo ankagwira ntchito yawo bwino. Zotsala zonse zinali za aNambewe. Zitenje zogonera zinkadzuka zitauma gwa ndi mafinya, ndipo iwo ankazinyika m'beseni n'kumazifikisa ndi manja mpaka madzi kusanduka ngati phala la mgaiwa. Chitini chokodzeramo ankakataya ndi iwo. Mwamunayo akalephera kudzigwira, ankamupukuta ndi iwo, atatchinga chitenje kuti odwala ena asaone. Fungolo linawalowa m'zikhadabo. Ankasamba ndi sopo, ankapaka mandimu, koma akandipatsa mbatata ndinkailandira n'kukaiponya kuseri mobisa. Ndinkawakonda mayi anga aang'ono, koma manja awo ankandichititsa nseru.

Komabe bala linali laling'ono poyerekeza ndi mwini wake. Ndinkadikira kuti ululu uwafewetsa a Lufeyo monga mlendo wa m'buku, amene ankangoyang'ana pansi mwamanyazi. Iwo ayi. Phala likatentha ankati akufuna kuwapha, likazizira ankati n'la agalu. Ankati manja a mkazi wawo ndi okhakhala ngati khasu. Tsiku lina analavulira makhololo pansi, pafupi ndi phazi la aNambewe pomwe, chitini chili pambali pawo, n'kuwalozera ndi chibwano kuti apukute. Koma namwino akangotulukira, munthu yemweyo ankasanduka wina: mano panja, moni wa ulemu, tinthabwala mpaka wodi yonse kuseka. Apo ndinaona kuti kukoma ankakutha bwinobwino, kungoti sankafuna kukuwonongera pa mkazi wawo. Zimenezi zinandinyansa kuposa mafinya.

Masana odwala akagona, amayi odikirira ankasonkhana kukhitchini, aliyense pa mafuwa ake, utsi uli tolo. Atandiona ndi buku anandiuza kuti ndiziwerenga mokweza. Ndinawawerengera ya mlendo wa zilonda ija, mawu ndikuwakometsera monga ankachitira aphunzitsi. Nditafika pa chiganizo cha kutsuka chija, mayi wina wa ku Golomoti, amene ankadwazika apongozi ake, anandiimitsa ndi mthiko.

"Mwanawe, tafunsa bukulo. Mtsikanayo ankachapa ndi sopo wanji? Nanga pakudya ankadyera manja omwewo?"

Khitchini yonse inafa nacho chiseko. Wina anati mwana wa mfumuyo akanakhala wa kwathu kuno akanapempha kaye ya fodya. Ine ndinapsa mtima, chifukwa ankanyoza wolemba wanga. ANambewe okha sanaseke. Anzawo atabalalika anandikoka chitenje, nandinong'oneza kuti ndibwereze paja pogwada. Iwo sankatha kuwerenga. Kuyambira tsikulo, tikakhala awiri pa mjigo kapena poyanika zovala, ankandipempha malo omwewo, ndipo ankamvetsera akuyang'ana zala zawo.

Mawu anabwera kuchokera kumudzi kuti mbalame zaugwira mpunga, ndipo palibe woingitsa chifukwa aliyense ali pa munda wake. Amayi a kukhitchini anawalangiza aNambewe kuti apite akapulumutse kotsalako, mwamunayo aone yekha zochita. Mayi wa ku Golomoti uja anachita kunena mosapsatira kuti akuweta ng'ombe ya eni. ANambewe anakana. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene wayang'anizana ndi imfa sabwerera m'mbuyo. Anandiuza kuti a Lufeyo akachira akhala pakhomo, mpunga adzalima wina awiri. Ine ndinavomereza msangamsanga, poti buku linali mbali yathu.

Ndipo anachiradi. Dzenje lija linadzaza, fungo linatha, anayamba kuyenda ndi ndodo kenako opanda ndodo. M'mawa wa tsiku lotuluka aNambewe anabwereka simbi ya makala n'kusita malaya a mwamuna wawo. A Lufeyo anameta ndevu, anasamba, anadzola. Atatuluka m'wodi muja, kunena zoona, anali wokongola. Ndinati basi, khungu lija lasupuka, chatsala n'kugwada.

Pageti panali mnyamata wa kabaza, wotumidwa kuchokera kunyanja. A Lufeyo anamupatsa moni ngati anapangana kale. Anatiuza kuti titsogole, iwo akaone kaye boti lawo. Atakhala pa kaliyala anatembenuka, nayang'ana mkazi wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mphuno atakwinya.

"Ndipo ukakafika ukasambe, Nambewe. Ukununkha chipatala."

Njinga inatsetsereka, malaya ositidwa aja akuwala kumsana. Ine malovu owawa anadzaza m'kamwa ngati tsiku loyamba lija, ndipo ndinalavula pansi anthu akuona. Pa msinkhu umenewo sindinkadziwa kuti munthu wosamba angathe kunyansa chotero.

Tinabwerera wapansi, mapoto ndi beseni pamutu. Titafika kudambo, aNambewe anatula katundu n'kuima m'mphepete mwa munda wawo. Munali mapesi okhaokha, ngala zili mbee, mbalame zochepa zikutolabe zotsalira. Apo ndi pomwe ukali wanga unaphulika. Ndinasolola kabuku kaja n'kunena kuti wolemba ameneyu ndi wabodza, watipusitsa tonse awiri, ndipo buku lake ndikaliponya m'chimbudzi aphunzitsi andimenye ngati afuna. Ndinali nditagwira kale chikuto kuti ndiching'ambe.

Anandilanda modekha. Analipukuta pa chitenje chawo, nawongola pepala limene ndinapinda, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Lisiye, mwanangu. Masabata onsewa, ndi buku lokhali limene landithokoza."

A Lufeyo sanabwerenso pakhomo paja. Chaka chimenecho aNambewe anadya kwa amayi anga, ndipo chotsatira analima okha.

Lero ndine mayi wa imvi zanga, ndipo nanenso ndagonapo pansi pa bedi la wodwala kangapo. Mabuku a mayi uja ndimawawerengabe. Ndikawapeza pa msika, ngakhale othothoka masamba, ndimagula. Kale ndinkayesa kuti kutsuka kuja anakudumpha chifukwa sankakudziwa. Tsopano ndikuganiza kuti ankakudziwa bwino lomwe, ndipo ankadziwanso kuti omuwerenga safunika kuuzidwa mmene mafinya amanunkhira. Analemba chimene chimasowa. Kuti mwamuna amasintha ukamutsuka, ndinasiya kukhulupirira tsiku lija pageti. Koma ndimalemekeza munthu amene anakhala pansi n'kulemba zikomo wa amayi amene sadzamumva kwa wina aliyense. Fungo la bala lija ndinaliiwala kalekale. Dzina la a Lufeyo likatchulidwa, mpaka lero ndimafuna polavulira.