Akweza lendi ya mashopu anga pa Njuli ndani?

Anyamata a ofesi yotolera lendi pa Njuli, mwandipusitsa mokwanira. Lero ndiyankhula.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Mbombwe. Penshoni yanga ndinamangira mdadada pa Njuli: zipinda zitatu zogona kumbuyo, mashopu awiri kutsogolo. Mawondo atayamba kuvuta, ndinapatsa ofesiyi ntchito yotolera lendi. Tinapangana kuti azitengapo teni peresenti, yotsalayo azindipatsa.

M'shopu imodzi muli mayi Nachisale, telala, amene analowa nyumbayo isanapakidwe n'komwe penti. Sabata yatha ananditumizira uthenga kuti akusamuka, ati lendi yanga yawakulira. Ine kudabwa. K40,000 yomwe sindinakweze chimangire?

Lolemba ndinakwera kabaza, 9 koloko ndili pakhomo pa ofesi. Potseka. Bwana wake anatulukira cha m'ma 11 akutokosa m'mano, moni wake wa m'mphuno. Anandiwerengera K126,000 monga mwa nthawi zonse. Ndinamufunsa za mayi aja.

“Madala, matenanti ndi choncho, amangolira,” anatero. “Ifenso tikuvutika nawo kwabasi, koma tangodyapo K19,000 basi, teni peresenti yathu ija.”

Apo ndiye anadzigwira yekha. Zipinda zitatu pa K20,000 ndi K60,000. Mashopu awiri pa K40,000 ndi K80,000. Zonse pamodzi K140,000, ndipo teni peresenti yake ndi K14,000. Nanga K19,000 yachokera kuti? Ndalama imaswana m'dirowa mwanu?

Ndinabwereka bolopeni yake yomwe, n'kulemba kuseri kwa envelopu. Ngati K19,000 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti atolera K190,000. Za zipinda zogona ndikuzidziwa, K60,000, chifukwa muli ana a mlongo wanga. Chimene sindikudziwa ndi lendi ya shopu imodzi, tiitche x. Ndiye 60,000 + 2x = 190,000. Chotsani 60,000 uku ndi uku, 2x = 130,000. Gawani pawiri, x = 65,000. Masamu a Fomu 1 awa, ndawaphunzitsa mpaka tsitsi kuyera.

Ndinamuonetsa. Poyamba anati lilime linangoterereka. Kenako anati pali ya mayendedwe. Mayendedwe ati? Kuchoka pa ofesi kufika pa mdadada wanga munthu satuluka ngakhale thukuta! Pomaliza anati ndibwere Lachisanu, akauntanti wapita kumaliro, n'kuyamba kubaya foni ngati ine ndasanduka mpando.

Ndinapita kwa mayi Nachisale. Ndinapeza makina osokera atamangidwa kale m'chiguduli, akudikira wanjinga. Sanafune n'kundiyang'ana komwe.

“Aphunzitsi, sikisite faifi ine ndiziitenga kuti?” anatero. “Anatiuza kuti mwakweza ndinu, ati wosafuna atuluke, ofuna malo ndi ambiri.”

Manyazi anandigwira, mtima unandiwawa. Miyezi yonseyi mayi akusoka mpaka maso kufiira, akundiona ngati munthu wadyera, ine ndili phee ku Mbombwe kuthokoza anyamata oti akundithandiza. Ndinawapempha kuti amasule makinawo. Anati ayamba aona kaye ngati ndikunena zoona, ndipo sindikuwadandaula.

Eni nyumba anzanga, musamangowerenga zimene mwalandira. Funsani kuti iwo atengapo zingati, mubwerere nazo chammbuyo, ndipo kamodzikamodzi muzikacheza ndi matenanti anu.

Inu a ofesi, makiyi anga ndikuwafuna, ntchito yatha. Lachisanu ndikubwera ndi matenanti a m'mashopu onse awiri, akauntanti alipo kaya palibe. K25,000 imene mumaonjezera pa shopu iliyonse mwezi ndi mwezi muibweza m'manja mwa eni ake, ine ndikuona. Ndipo mudzaimirira pamaso pa mayi Nachisale n'kunena ndi pakamwa panu kuti amene anakweza lendi ndani.