Apongozi anga atenga mpando

Lachiwiri lapitali ndinawerenga maminitsi a msonkhano nditayang'ana khoma. Musaseke, ine zikundiwawa mpaka lero.

Pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kufupi ndi Mayani, mphepo inasasula denga la Sitandade 3 chaka chatha. Ana akhala akuphunzira akunjenjemera, ndipo inu mukudziwa mmene kuno kumazizirira. Komiti ya makolo inatha chaka chonse ikukambirana za tsiku loti idzakambirane. Makolo atatopa anasankha wapampando watsopano, a Nachisale, mayi wolima kachewere, wosachulutsa gaga m'diwa.

Mlembi wa komitiyo ndine. Ndipo a Nachisalewo ndi apongozi anga.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudumphira m'chimanga ndikangowaona akubwera m'njira. Nkhope yawo ndimaidziwa bwino pachithunzi cha ukwati basi. Tsopano mlembi amakhala pati? Pambali pa wapampando, tebulo limodzi.

Ndiye ndinanyamula mpando wanga n'kukauika pakona, nkhope kukhoma. Mawu athu ankadutsira mwa a Kamwendo, bambo amene anagonja pachisankhocho.

"Auzeni alembi akweze mawu," anatero apongozi.

"Akuti mukweze mawu."

"Auzeni ndamva," ndinayankha ine, ndikuuza khoma.

Titafika pakati, a Kamwendo anatsokomola. "Mayi, pepanitu. Mwambo ukuvutika muno. Taonani mwanayu thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchi. Bwanji mungotula pansi udindowu, abambo apitirize?"

Abambo angapo anagwedeza mitu. Ine mumtima ndinavomera, ndisaname. Khosi linali litauma ndi kuyang'ana khoma.

Sabata yomweyi wayilesi yakhala ikukamba za mayi wina wa kutsidya kwa nyanja amene akutsogolera boma lonse la dziko lake. Akuti anayamba ndi kugonja pazisankho, kenako anakhala phungu, kenako nduna, mpaka abambo a m'chipani chake anatopa ndi kumutchinga. Ndikukamba za kutsidya kwa nyanjatu, chonde. Kuno zonse zili bwino, ndipo khadi langa lachipani lili m'thumba.

Pagolosale pomwe tinkamvera nkhaniyi, funso loyamba linali lakuti, "Nanga mwamuna wake akumuphikira ndani?" Wina anafunsa ngati amagwada popereka madzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati ntchitoyo akuitha.

Ndi mmene tilili. Sitinena kuti mayi sangathe ayi, ndife anthu aulemu. Timangomupezera chifukwa chokoma. Ana akulira kunyumba. Msonkhano ukuchitikira kutali. Mkamwini wachita manyazi. Mayi wa kunja uja ayenera kuti anamva zonsezi m'chinenero cha kwawo. Koma munamvapo bambo akuuzidwa kuti atule udindo chifukwa mtengwa wa mwana wake akusowa poyang'ana?

Tibwerere kumsonkhano kuja. Apongozi anayankha osakweza mawu.

"A Kamwendo, mwanena zoona, mwambo tiusunge. Tandikumbutsani, mkamwini akakumana ndi apongozi ake m'njira, amapatuka ndani?"

"Mkamwini," anatero a Kamwendo, mawu atachepa.

"Basi auzeni alembi apatuke."

A Kamwendo anatembenukira kumsana kwanga. "Akuti mupatuke."

Ndinasiya buku pampando n'kutuluka chammbali ngati nkhanu, kuti maso asaphonye mwambo. Bukulo analipatsa a sisitere a kuchipatala, amene amalemba bwino kuposa ine. Ndili panja ndinamva apongozi akugawa ntchito: awa mitengo, awa misomali, awa kukakumana ndi akalipentala. Pofika Lachisanu, mitengo inali itaunjikidwa pabwalo la sukulu.

Kunyumba ndinadandaula kwa mkazi wanga kuti amayi ake andichotsa ntchito pagulu. Iye anaseka mpaka kukhala pansi. "Inu munapita kukalemba, iwo anapita kukafolera. Ana aku Sitandade 3 akufuna chiti?"

Zinandipweteka, chifukwa ulembiwo ndinkaukonda. Koma chondichititsa manyazi kwambiri si kutulutsidwako ayi. Ndi chakuti pamene a Kamwendo ankayankhula, ine mphunzitsi wa ana ozizidwawo ndinali wokonzeka kuti aziziridwenso chaka china, bola khosi langa lipume.

Kwanuko, ndi amayi angati amene anatula pansi udindo kuti bambo wina asachite manyazi? Nanga ntchito ija inatha?