Ndani anamatula pulasitala pabondo langa?

Kanani ngati mukufuna, inu anzanga a pabawo ku Chia, koma ine ndakhala masiku atatu ndili ndi kachubu m'mwendo, kakumwetsa mtsempha wanga mankhwala ngati mwana wa mbuzi wamasiye. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kugwedeza mitu kuti wayambapo uja. Bwerani mudzaone chipsera. Kudzaona, ndati. Manja musiye kunyumba.

Ndinathyoka pakakolo. Amene munamva kuti ndinkathawa mvuu ku Bua, nkhani imeneyo ndinayambitsa ndine, ndipo ndikuibweza. Ndinaterereka pamwala pomwe amayi amavuulira chinangwa cha kondowole. Fupa linathyoka moipa moti panafunika opaleshoni ndi kachitsulo.

Kuchipatala kuli bambo wina amene ntchito yake ndi kugonetsa anthu kapena kuwachititsa dzanzi. Ameneyo anandilowetsa kachubu chapambali pa bondo, koonda ngati chingwe cha mbedza, kukafika pafupi ndi mtsempha wonyamula ululu wa kuphazi. Mankhwala akamadontha mmenemo, phazi lonse linkangoti zii. Mukanatha kuwazirapo nkhuni ine ndikuimba nyimbo.

Pomwe kachubuko kanalowera anatsukapo ndi mankhwala ozizira, n'kudikira paume. Kenako anaikapo kathonje kozungulira ngati chitsekerero cha botolo, kokhala ndi mankhwala opha tizilombo, n'kumata pamwamba pake pulasitala yoonekera mkati ngati jumbo ya shuga. Anesi a m'wodi mwathu, mayi wamfupi wosaseka nthabwala zanga ngakhale imodzi, anandipatsa malamulo.

"Achimwene, kachubu aka ndi msewu. Mankhwala akudutsa pomwepa, tizilombo natonso tikapeza mpata tidutsa pomwepa mpaka mkati. Osanyowetsa, osakanda, osamatula."

Anawonjezera kuti mafinya akangoyambira mkatimo, pafupi ndi mtsempha, nkhani yake imakhala yobwerera ku opaleshoni, ndipo mwendo sulonjeza kuti udzabwerera mwakale. Ine ndinavomera ndi mutu ngati mwana wa Sande sukulu.

Wondidikirira anali azakhali anga a ku Liwaladzi, a Nabanda, munthu amene wathowa theka la mudzi wawo. Wobinya, wogwa panjinga, wongobereka kumene, onse amadutsa m'manja mwawo. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinangoona akulowa ndi beseni la madzi otentha ndi kansalu paphewa, maso ali pabondo langa. Anesi anawakumanira pakati pa wodi ngati apolisi apamsewu. Azakhali anafunsa modabwa kuti zinayamba liti mwendo wotupa kuusiya osauthowa. Anawafotokozera bwinobwino, iwo anamva, ndipo madzi aja anatsukira mbale.

Koma tiyeni tinene zoona, abale anga. Ife tikapita kokazonda wodwala, timaona ndi chiyani? Maso alipo, koma sitiwakhulupirira. Munthu wachoka ku Dwangwa, wagwira zitseko za minibasi, wagwira mutu wa nsomba padepoti, wapatsana moni wa m'manja ndi wodi yonse, kenako akufika pabedi pako n'kunena kuti tione nawo, chala chili kale m'njira. Wina amadina kuti amve ngati pakupweteka. Wina amakanda m'mphepete mwa pulasitala kuti adziwe ngati yagwira. Amalume ena anafika ponunkhiza.

Ndi chikondi, sindikukana. Kwathu kuno wodwala amene sanagwidwe amadandaula kuti abale amunyansidwa. Koma kachilombo kamadziwa kuti chala ichi n'cha amalume? Kamafunsa mfunda kasanalowe?

Tsiku lachitatu m'mawa anesi anabwera kudzayendera. Anawerama n'kuyatsa tochi ya foni dzuwa likuwala. Ngodya imodzi ya pulasitala inali itamatuka, mkati muli chinyezi, kathonje kaja katasunthira pambali, ndipo khungu lozungulira kachubu linali litafiira ndi kutupa pang'ono. Atadinapo ndi golovesi ndinadumpha, ine amene ndinkati mwendo ndi wa eni.

Anafunsa kuti wamatula ndani. Ine ndinayang'ana kudenga. Wodi yonse inayang'ana azakhali, chifukwa aliyense ankakumbukira beseni lija. Anesi sanalalate, koma mawu awo anali olemera. Anati anthu akuluakulu akauzidwa chinthu azimva, chifukwa mwana uyu akalumala adzalira ndi iwo omwe. Azakhali anayesa kunena kuti sanagwirepo, koma bambo wa pabedi loyandikana nane anatsokomola mwachipongwe, iwo n'kungokhala pansi, manja pamiyendo.

Bambo wogonetsa anthu uja anaitanidwa. Anasamba m'manja nthawi yaitali ngati akupita kukadya kwa apongozi, anavala magolovesi, anachotsa kachubu tsiku lake lisanakwane, anatsuka, n'kumata pulasitala yatsopano. Kenako anatenga bolopeni n'kujambula mzere kuzungulira pofiira paja. Anati kufiirako kukadumpha mzere, kapena thupi likatentha, kapena pakatuluka mafinya, ndiye kuti tizilombo talowa mkati.

Madzulo ake dzanzi linatha, ndipo phazi linabwera kudzandipatsa moni. Anzanga, ululu umene kachubu kaja kankandibisira unafika ndi abale ake onse. Mapiritsi ankangounyengerera. Koma choopsa sichinali ululu ayi, unali mzere wa bolopeni uja. Masiku awiri ndinauyang'anira ngati mlimi wa mpunga akuyang'ana madzi a Bua ngati akwera. Ndikatentha pang'ono chifukwa cha bulangete, ndinkayamba kusankha mtundu wa ndodo yoyendera. Azakhali ankangondipukuta pamphumi, chakudya chawo osachigwira.

Lachisanu m'mawa anesi anamatula, anayang'ana, anandiyeza kutentha. Kufiira kunali kutabwerera m'mbuyo, mzere uli wokhawokha ngati bwalo la mpira lopanda osewera. Anati ndapulumuka, zinangothera pakhungu. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira Lachitatu, moti makatani a wodi anagwedezeka. Azakhali anakweza manja kumwamba, kenako n'kupita kukapepesa kwa anesi pa mlandu umene sanapalamule, kuti pakhale mtendere basi.

Ndiye pempho langa kwa inu okazonda ndi laling'ono. Pulasitala imene yamatidwa kuchipatala ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amavala magolovesi. Mukaona yamatuka kapena yanyowa, itanani anesi, osaikonza nokha. Bweretsani nthochi, bweretsani nkhani za kumudzi, pempherani mokweza ngati mukufuna. Zala zikhale m'thumba.

Ndikanatha kulekera pomwepa, inu n'kumanditcha mlangizi wa zaumoyo. Koma akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe wa nkhani ino anagona pabedi, atafunda bulangete la chipatala.

Tsiku lachiwiri lija masana, azakhali atapita kukachapa, ndinali pa foni ndi mtsikana wina amene ndakhala ndikumuponyera mawu chaka chonse. Anati za kachubu ndikunama monga mwa masiku onse. Ndinati ndimutumizire chithunzi, koma pulasitala inkanyezimira pa chithunzipo, kachubu osaoneka bwino. Ndiye ndinamatula ngodya, ndi zala zomwe ndinali nditangodyera nsomba ya mpasa, ndinakankhira kathonje pambali, n'kujambula. Itakana kumatirira, ndinanyambita chala n'kuisisita ngati envelopu.

Mtsikanayo anayankha kuti, "Kameneka basi?"

Nkhani ino ituluka m'nyuzipepala mkuja. Azakhali sawerenga nyuzipepala, koma aphunzitsi oyandikana nawo nyumba amawerenga, ndiponso mokweza. Choncho ndili ndi masiku awiri oti ndikafike ku Liwaladzi pa ndodo zanga, ndikagwade ndi bondo limodzi lomwe latsala, ndikanene ndekha asanamve kwa ena. Ndani andiperekeze?