Chitenje chimodzi, mawondo anayi

Ndikukumbukira Lenti ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 ku Bembeke. Mvula inali isanakate, ndipo m'mawa nkhungu inkaphimba minda ya kachewere mpaka osamuona munthu amene ali patsogolo pako.

Lachitatu la Phulusa akatekisiti anatiuza kuti aliyense asankhe chinthu choti asale mpaka Pasaka. Ine ndinasankha shuga. Nditawauza amayi, anaseka mpaka kutsokomola. "Shuga uti, mwanangu? M'nyumba muno tinamuona komaliza pa Khirisimasi. Sala chimene uli nacho."

Chimene ndinali nacho chinali chakukhosi. Tereza, mnzanga amene ndinkayenda naye kusukulu kuyambira tili aang'ono, anapeza kope limene ndinkalembamo zamumtima, n'kuwerengera kalasi yonse kuti ndikadzakula ndidzakhala sisitere. Kuyambira tsiku limenelo anyamata ankandigwadira panjira, kwinaku akufa nazo nseko. Panatha mwezi osamuyankhula Tereza. Njira ya kusukulu inatalika, koma ndinalimba mtima.

Ndinalemba m'kope muja kuti chakukhosi chimenechi ndicho ndisale. Kulemba kunali kosavuta. Koma ine ndinali wamanyazi, woti ngakhale kupereka moni ndinkayamba ndayeserera kuseri kwa khola. Tsamba lililonse la Lenti imeneyo limathera pa mawu amodzimodzi: mawa ndimuyankhula. Masabata asanu anapita, ndipo Tereza anayamba kuyenda ndi atsikana ena. Ndinaona kuti Pasaka ikandipeza chonchi, ndamutaya.

Lachisanu lina tinachita Njira ya Mtanda panja. Mvula inali itangosiya, dothi lofiira lili matope okhaokha, mpweya ukununkha masamba a bulugama. Pamalo aliwonse mwa malo khumi ndi anayi oimapo tinkagwada, choncho mtsikana aliyense ankayala kachitenje kake. Tereza anali ataiwala kake, chonsecho anavala siketi yoyera ya achemwali ake, yobwereka mosapempha. Pamalo oyamba ananjuta. Pachiwiri ananjutanso, amayi ena achikulire akumuyang'ana ndi diso loti gwada bwino. Kutsogolo kunali kudakali malo khumi ndi awiri.

Pamalo achitatu Tereza anapezeka pafupi ndi ine. Ndinangofunyulula chitenje changa, n'kukankhira theka kumbali kwake ndi chala. Anagwada. Mapewa athu anagundana, ndipo ndinamva kuzizira kwa mkono wake.

"Zikomo, asisitere," ananong'ona.

Ndinkafuna kukwiya, koma nseko zinandiposa mphamvu. Ndinaluma mlomo, iye anabisa nkhope m'manja, akatekisiti n'kuyesa kuti tikulira chifukwa cha masautso a Ambuye. Pomwazikana anatiyamikira pamaso pa onse. Tili panjira, Tereza anati, "Ndinalakwa, iwe. Kope lako lija sindidzaligwiranso." Ine ndinangomugawira mondokwa wowotcha amene ndinali naye m'thumba.

Lero mwana wanga akayambana ndi mnzake, amangotsekerana pafoni, ndipo akagwirizana amatsegulirananso aliyense ali kwawo. N'zachangu, sindikana. Koma ndimamumvera chisoni pang'ono. Ife tinalibe kothawira: njira inali imodzi, tchalitchi chimodzi, ndipo mdani wako ankagwada pafupi kwambiri moti sukanatha kukhala naye pa udani mpaka kalekale.