Kuseri kwa Tebulo la a Lameki

A Lameki a pa Chamama anakulira pa esiteti akudinda mabelo a fodya. Msana utawakana, mlamu wawo wa ku Joni anawatumizira kompyuta, basi bambowo n'kutsegula kashopu kotayipa makalata pafupi ndi chigayo. Sukulu analekezera Sitandade 6, kutiposa enafe ndi kalasi imodzi yokha, koma lamulo anali nalo: chinthu chikamagwira ntchito usachisunthe. Zaka zisanu ndi chimodzi tebulo lawo silinasunthe, tsache silinapondeko kuseri kwake.

Lachinayi lina mu Febuluwale kunabwera mai Modester, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe. Ankadzatenga kalata ya mwana wawo Favour yofunsira malo kusukulu ya unamwino, yomwe analembetsa dzulo lake. Tsiku lomaliza kulandira makalata linali lomwelo, ndipo minibasi ya ku boma inkanyamuka 12 koloko.

Anapeza a Lameki thukuta lili kamukamu. Dzulo madzulo kompyuta inapempha apudeti, ati kudzikonza yokha m'mimba, iwo n'kuvomera. M'mawa kuyatsa, bokosi la kompyutayo likulira bwinobwino, koma monita, yoonetsa zolembedwa ija, ili bii ngati kunsi kwa mphika.

“Yagwira chinyontho, mayi,” anatero a Lameki. “Nyengo ino ngakhale fodya amatero.”

Anakabwereka mbaula kwa wootcha chimanga n'kuiika pansi pa tebulo kuti makina aume. Kutentha kutangokwera, anthuni, mphemvu zinatuluka ngati msonkhano wabalalika, zazikulu, zazing'ono, zina zitabereka mazira. Fungo linabwera pambuyo pake. Mai Modester anatseka mphuno ndi chitenje, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Inali hafu leveni.

“Achimwene, sunthani tebuloli.”

“Aaa, silisunthidwa limeneli. Kompyutayi inazolowera pomwepo.”

“Mwana wanga akalimire anthu fodya ngati ine chifukwa cha tebulo?”

Mayiwo anakankhira mbaula pambali, n'kulikoka okha. Zomwe anaona kuseriko mpaka lero akazikumbukira amalavula. Zitsononkho zankhungu, makoko a nthochi, mitu ya usipa, khoswe wouma gwaa ngati chikopa, ndi botolo la madzi achikasu lomwe a Lameki ankadzithandiziramo mvula ikawatsekereza. Mwini wake anayang'ana kudenga ngati mlendo.

M'kati mwa nyansizo munali monita ina, yakale, yomwe inafa galasi kalekale, koma kanyali kake kakuphethirabe. Kuchokera ku bokosi kunatuluka zingwe ziwiri. China chinapita ku monita ya patebulo, chinzake chomangidwa ndi luzi chinapita ku yakufayo. A Lameki pogula yatsopano sanazule chakale, poopa kukhumudwitsa makina. Tsono kompyuta itadzikonza inaiwala mnzake wamoyo, n'kumatumiza zithunzi kwa malemu.

Mai Modester za kompyuta sankazidziwa, koma nazale ya fodya ankaidziwa.

“Inu mukuthirira mabedi awiri ndi ndowa imodzi, madzi onse akuthera pa bedi louma. Zulani icho!”

“Chigwireni inuyo, mayi, ine msana.”

Anakulunga dzanja m'chitenje, n'kudumpha khoswe, n'kuzula chingwe chonata ngati chaviikidwa mu uchi. Atathimitsa n'kuyatsanso, monita inawala ngwee, kalata ya Favour ili pomwepo.

“Ndimati ndizule chomwechotu,” anatero a Lameki akudina pulinta.

Mayiwo anakana kuti bambowo aigwire kalatayo, anaitola okha ndi dzanja lamanzere, n'kuthamanga. Nthawi inali itadutsa, koma minibasi inali ikadali pa siteji kudikira munthu mmodzi kuti idzaze. Kalata inalowa mu ofesi 3 koloko, ndipo mu Epulo Favour anaitanidwa.

Chitenje chija anachitentha. Chinali chatsopano.